Ng'ombe ya pa Bwalo ndi Ng'ombe ya pa Goli

Abale ndi alongo a nthambi ya kwa Lukwa,

M'chaka cha 2024 nyumba ya malamulo ya dziko la Colombia, kutsidya kwa nyanja ku South America, inapanga lamulo loletsa masewero opha ng'ombe pa bwalo, nipatsa eni masewerowo zaka zitatu kuti afune nchito zina. Mu March 2025 mzinda wa Mexico City, kumene kuli bwalo lalikulu loposa mabwalo onse a masewero amenewa, unalamula kuti ng'ombe isalasidwenso kapena kuphedwa pamaso pa anthu. Mbiri imeneyi inafika kuno pa wailesi ndi pa mafoni a anyamata athu, ndipo ena a inu mwafunsa kuti nthambi yathu ikuti chiani. Kapena wina adzati, za ku Mexico zitikhudza bwanji ife olima fodya ku Kasungu? Zitikhudza ndithu. Pakuti mlandu umene akukangana kumeneko ndi womwewo umene makolo athu anakangana ndi Atsamunda: kodi chinthu chikakhala mwambo wa anthu, mlendo ali ndi mphamvu yochiletsa? Nanga mau akuti "mwambo" akwanira kutseka pakamwa pa munthu aliyense wofunsa?

Tiyambe tafotokoza masewerowo, popeza ambiri a ife tingomva mbiri yake. Ku Spain, kumene ndiko kuchimake kwa masewero amenewa, amatenga nkhunzi ya zaka zinai kapena zisanu, yolemera ngati matumba khumi a chimanga, nailowetsa m'bwalo lozungulira m'mene mwakhala anthu zikwi zambiri olipira pakhomo. Munthu wokwera pa kavalo aibaya ndi mkondo pa khosi, chapafupi ndi mapewa, kuti magazi ataike ndi kuti isathenso kudzutsa mutu bwino. Kenaka abwera ena ndi timikondo tangowe tokongoletsedwa ndi mapepala a mawanga, natisomeka tiwiritiwiri pa msana pake, ndipo timikondoto tilendewera pomwepo ng'ombe ikamathamanga. Potsiriza abwera mkulu wa masewero, amene amchula matador, atanyamula nsalu yofiira ndi lupanga. Aiputa ndi nsaluyo, iyo nimlondola, iye naizemba, anthu naomba m'manja. Ikalefuka ndipo alowetsa lupanga pakati pa mapewa kuti lifike ku mtima. Akaphonya abwerezanso. Ng'ombe imodzi imatha mphindi ngati 20, ndipo masana amodzi zimafa zisanu ndi imodzi. Ng'ombe sizindikira kufiira ai. Chimene imathamangira ndicho kugwedezeka kwa nsalu. Kufiirako nkwa anthu oonerera.

Okonda masewerowa ali ndi mau ao, ndipo tiyenera kuwamva. Iwo ati ili ndi luso la makolo ao la zaka mazana ambiri, lolowa m'nyimbo zao ndi m'zithunzi zao. Ati nkhunzi yotere imakhala zaka zinai ikudya msipu momasuka, pamene ng'ombe za nyama zimakulira m'makola opanikizana niziphedwa zikali zazing'ono. Atinso masewero akatha, mtundu wa ng'ombe umenewo udzatha nao, popeza palibe adzaziwetanso. Mfundo zimenezi si zopusa. Chigawo cha Catalonia chitaletsa masewerowa mu 2010, Boma la Spain linapanga lamulo mu 2013 lakuti masewerowa ndi chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse, ndipo mu 2016 khoti lalikulu linafafaniza chiletso cha Catalonia chija. Tsono musaganize kuti Azungu onse ali mbali imodzi pa nkhaniyi. Akukangana okhaokha, mwana ndi atate wake, monga tichitira ife.

Masewero amenewa anafika ndi kuno kufupi. Apwitikizi anamanga bwalo lao la ng'ombe ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, m'chaka cha 1956. M'masiku omwewo eni dziko la Mozambique analikugwidwa chibalo, ndipo ambiri anali atathawira kale kuno kwathu chifukwa cha nkhanza imeneyo. Ufulu utabwera mu 1975, masewerowo anapita pamodzi ndi eni ake. Sanamere mizu, chifukwa sanali a nthaka imeneyo.

Nanga nchifukwa ninji akuluakulu ena m'nthambi yathu akuchita njenjenje kuti adzudzule masewero a ku Spain? Chifukwa chake tichidziwa, ndipo nchomveka. Iwo ati, lero aletsa ng'ombe ya ku Mexico, mawa adzaloza chala ng'ombe ya Mpezeni. Chaka ndi chaka, Loweruka lotsiriza la February, Angoni amasonkhana ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata ku mwambo wa Nc'wala, ndipo anthu a kuno ku Malawi amapita nao ambiri, pakuti malire amene anatilekanitsa ndi abale athu a ku Zambia sitinalembe ndife. Kumeneko Inkosi ya Makosi imalawa zakudya zoyamba kucha za m'munda, anthu nathokoza Mulungu ndi mizimu ya makolo chifukwa cha mvula. Pachimake pa mwambo amabweretsa nkhunzi yakuda, msilikali wa impi naibaya ndi mkondo, mfumu nimwa magazi ake, nyama yake nidyedwa. Mlendo woona zimenezi tsiku loyamba akhoza kutembenuza nkhope.

Koma taonani mbiri ya mwambo umenewu. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a Angerezi anathira nkhondo Angoni a Mpezeni, nawagonjetsa, napha mwana wa mfumu Nsingo amene anatsogolera impi, nalanda ng'ombe zao zikwi zambiri. Kuyambira pamenepo Nc'wala inazima, ndipo sinadzuke kufikira 1980, patapita zaka 82. Amene anaizimitsa sanachite zimenezo chifukwa cha kumvera chisoni ng'ombe yakuda. Akadakhala achisoni sakadakusa makola onse a Angoni. Anaizimitsa chifukwa anadziwa kuti anthu osonkhana pamaso pa mfumu yao, mikondo iri m'manja, ndi anthu ovuta kuwalamulira. Ife a ku Kasungu sitifunika kuuzidwa zimenezi, pakuti kumapeto kwa 1895 nkhondo yomweyo inali itafika kale pa mudzi wa Mwase Kasungu. Ndipo pambuyo pa mfuti panabwera mau. Gule Wamkulu anamchula wa Satana. Munthu wovinidwa anachotsedwa mu mpingo. Mwana wa sukulu wopezeka ku dambwe anathamangitsidwa. Gule yemweyo mu 2005 bungwe la UNESCO linamlemba pakati pa chuma chamtengo wapatali cha anthu onse a pa dziko lapansi. Gule sanasinthe, anasintha ndi maso a oonerera.

Palinso chilonda china chatsopano. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kubwera ku nkhalango ya Kasungu, ndipo kunja anaombera m'manja nchito imeneyo. Koma anthu a midzi yozungulira nkhalango, mbali ino ndi mbali ya Zambia, aona minda ikupondedwa, nkhokwe zikupasulidwa, ndipo ena aika maliro. Munthu amene wagona panja kulondera chimanga chake akamva mlendo akulirira ng'ombe ya ku Spain, musadabwe akafunsa kuti, nanga ine andilirira ndani?

Zonsezi tizivomereza. Komabe ife tikuti mantha amenewa asatichititse kuteteza chinthu chimene mitima yathu ichikana. Akulu anati mlendo adza ndi kalumo kakuthwa. Mlendo akanama kasanu, sindiko kuti kachisanu ndi chimodzi wanamanso. Ndipo mau akuti "mwambo" sayeretsa chinthu chiri chonse. Mwabvi unali mwambo. Kukwatitsa mwana wamng'ono kunali mwambo m'madera ena, koma Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati otero mazanamazana nibwezera ana ku sukulu, ndipo palibe anganene kuti mfumu imeneyo sinadziwe mwambo. Mwambo ndi munda wa eni ake: amaupalira, nazula zimene zaonongeka, nasunga mbeu yabwino.

Tsono tisiyanitsa bwanji ng'ombe ya ku Mtenguleni ndi ng'ombe ya ku Madrid, popeza zonse ziwiri zifa pamaso pa khamu? Ife tiyesa motere. Chotsani kuwawa mu mwambowo, muone ngati mwambo utsala. Ku Nc'wala, msilikali akabaya kamodzi kokha ng'ombe nigwa pomwepo, mwambo wayenda bwino koposa, ndipo anthu amtama kuti ali ndi dzanja. Palibe wopita ku Mtenguleni amene adzabwerako akudandaula kuti ng'ombe inafa msanga. Chimene akufuna kumeneko ndicho nsembe, chiyamiko, ndi nyama yogawana; imfa ndiyo njira chabe, monga iri njira tikapha ng'ombe pa maliro a mfumu kapena pa ukwati. Koma ku Mexico City, ataloledwa kupitiriza masewero popanda mkondo ndi lupanga, eni masewero anakana, nati zimenezo si masewero a ng'ombe konse. Ndi pakamwa pao anadziweruza okha. Kumeneko kulefula ng'ombe pang'onopang'ono ndiwo malonda amene munthu alipirira pakhomo. Ng'ombe ikafa msanga, wogula waberedwa.

Nchifukwa chake ife tikuti Colombia ndi Mexico City anachita bwino, makamaka popeza anachita ndi eni dziko, kudzera mwa aphungu amene anawasankha okha, osati nduna ya dziko lachilendo. Ndipo tikuti Nc'wala ikhale, nivinidwe chaka ndi chaka, ndipo wobaya akhale katswiri.

Tisaname kuti muyeso umenewu utha milandu yonse. Ana athu ogwira nchito ku Durban amasimba za mwambo wa Azulu wa Ukweshwama, wachibale wa Nc'wala, umene anyamata amapha nkhunzi ndi manja okhaokha, popanda mpeni kapena mkondo. Mu 2009 bungwe la Animal Rights Africa linapita ku khoti lalikulu la ku Pietermaritzburg kuti mwambowo uletsedwe, ndipo mu December chaka chomwecho khoti linakana pempho lao. Uwu ndi mwambo weniweni, si malonda. Koma ng'ombe yophedwa ndi manja sifa msanga. Maganizo athu ngakuti pamenepo pali poti pakonzedwe, ndi kuti okonza ayenera kukhala Azulu eni ake. Ku Kakamega m'dziko la Kenya, Aisukha ndi Aidakho amamenyanitsa nkhunzi ziwiri mpaka imodzi ithawe, popanda mkondo. Zimenezo sizitidabwitsa kwambiri ife amene tinaumba ng'ombe zadothi ku dambo tiri ana nitizigundanitsa nyanga mpaka ina ithyoke.

Koma abale, ngati tilekeza apa, tangodya nthawi. Nkwapafupi kuweruza munthu wa ku Spain amene sadzamva ngakhale dzina la Lukwa. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Kuno kulibe matador, kulibe bwalo lolipira pakhomo, koma ng'ombe yozunzika iripo, ndipo idutsa pa khomo lanu m'mawa uliwonse ikukoka ngolo.

Taganizani nchito imene ng'ombe ya pa goli itigwirira m'chaka chimodzi. Mwezi wa September ndi October ituta madzi a ku nazale ya fodya. Mvula ikagwa ilima, ndipo nthawi imeneyo ndiyo imene iri yowonda koposa, itadya mapesi ouma ndi fumbi chilimwe chonse. Ituta mitengo ndi udzu wa zigafa, ituta nkhuni za ku mabalani, ituta fodya kuchokera ku munda. Fodya akadindidwa, inyamula mabelo kupita ku msewu kuti akakwere galimoto la ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Ikapuma pa fodya, iyamba njerwa ndi mchenga. Usiku mai akayamba kumva zowawa za pakati, imene imfikitsa ku chipatala ndi yomweyo, ndipo tsiku la maliro ndiyo imene inyamula bokosi ndi nkhuni za pa siwa. Kwa mlimi wamng'ono iyi ndiyo thirakitala, ndiyo lole, ndiyo ambulasi.

Malipiro ake ndi otani? Yang'anani pa khosi pake. Goli losasema bwino, lamakona kapena lamfundo, lanyula chikopa, ndipo chilonda chikali chachiwisi, ntchentche ziri ng'waa, goli libwereranso pomwepo m'mawa mwake. Ngolo ikatitimira mu mchenga kapena m'matope chifukwa cha katundu wopyola muyeso, woyendetsa satsitsa ngakhale thumba limodzi. Apotokola mchira, ena mpaka kuuluma ndi mano, ndipo muona ng'ombe zambiri za michira yothyoka yopindika ngati chingwe. Akwapula kumaso. Aimanga pa goli kuyambira tambala woyamba mpaka dzuwa kupendeka, osamwa madzi, osadya, pamene ng'ombe ifuna maola ambiri odya ndi obzikula kuti ipeze mphamvu. Pobwerera ngolo iri yopanda kanthu, anyamata achita mpikisano pa msewu, ng'ombe zotopa kale zikuthamanga thovu liri kukamwa, anthu a pa golosale akuseka ndi kukuwiza. Kodi pamenepo tisiyana pati ndi oomba m'manja a ku Madrid? Nkhunzi ya ku Spain izunzika mphindi 20 itakhala zaka zinai pa mtendere. Mfule wathu azunzika zaka zisanu kapena kuposa, ndipo akakalamba timgulitsa kwa opha nyama. Tisaiwalenso mbuzi zomangidwa miyendo yonse pa kaliyala ya njinga dzuwa likuswa mtengo, ndi nkhuku zolendewera chadodolido pa chiongolero kuyambira kumudzi mpaka ku msika wa pa Boma.

Ndipo izi palibe anganene kuti ndi mwambo. Makolo athu sanadziwe ngolo kapena pulawo, zinabwera dzulodzulo. Palibe mzimu umene timaupembedza popotokola mchira wa ng'ombe. Ndi ulesi chabe, ndi kufulumira ndalama, ndi mkwiyo wa munthu wotopa amene alibe pena pothira ukali wake.

Pa mfundo yotsirizayi tiime pang'ono, pakuti apa ndi pamene nkhani ya ng'ombe ikumana ndi nkhani imene chipani chathu chinabadwira. Kawirikawiri woyendetsa ngolo si mwini ng'ombe. Ndi mnyamata waganyu wolipidwa potengera maulendo amene wayenda, kotero ulendo uliwonse umene ng'ombe yapuma ndi ndalama imene iye wataya. Nthawi zina ndi mwana wa zaka 12, amene ife ophunzitsa tiona malo ake ali opanda munthu m'kalasi nyengo yonse ya fodya. Mwini ngolo afinya mnyamata, mnyamata afinya ng'ombe. Ife amene agogo athu anadziwa thangata, ife amene tinaona matenanti akugwira nchito chaka chathunthu m'maesiteti nabwerera kwao opanda kanthu m'manja mpaka lamulo la 2021 linaletsa utenanti, tiyenera kuzindikira msanga mchitidwe umenewu. Ndiwo wogwiritsa nchito chamoyo mpaka chithe mphamvu, kenaka nkufuna china. Tinaukana pamene unachitidwa pa ife. Sutembenuka kukhala wabwino chifukwa chikoti chiri m'dzanja lathu.

Amene safuna kumva za chisoni amve za thumba lake. Ng'ombe ya chilonda pa khosi sikoka mokwanira. Iyenda mopendekeka, nilefulanso inzake. Ng'ombe yoopa chikoti sichedwa kudzidzimuka nigubuduza ngolo, ndipo ngolo yogubuduzika yathyola kale miyendo ya ana ambiri. Mfule wosamalidwa agwira nchito zaka zambiri kuposa wozunzidwa, ndipo mtengo wa ng'ombe ziwiri zatsopano mudziwa nokha kuti utenga mabelo angati.

Lamulo loteteza nyama ku nkhanza liripo m'mabuku a malamulo a dziko lino. Koma ife sitipempha kuti apolisi adzaime pa mphambano kudikira ngolo. Tikumbukira malimidwe a m'zaka za m'ma 1950, pamene anthu analipitsidwa ndi kumangidwa chifukwa cha mizere ndi migula. Ngakhale uphungu umene unali wabwino anthu anaudana nao chifukwa unabwera ndi unyolo. Chimene tanena za Colombia ndi za Azulu tichinenenso kwa ife eni: okonza akhale eni mudzi.

Chotero pa msonkhano wathu ukudzawu komiti idzaika patsogolo panu mfundo izi, kuti muzikambe, muzisinthe kumene zalakwika, ndipo mukazivomera zikhale pangano la mamembala. Membala wa nthambi ino asamange ng'ombe ya chilonda pa goli mpaka chilonda chipole. Ng'ombe zolima zimasulidwe dzuwa lisanafike pa liwombo, zimwe madzi, zikadye. Ngolo ikatitimira, katundu atsitsidwe. Kupotokola mchira ndi kukwapula kumaso kuthe. Mwana wa msinkhu wa sukulu asapatsidwe ngolo pa tsiku la sukulu. Obwereketsa ngolo alipire anyamata ao pa tsiku, osati pa ulendo. Mfundo iyi tidziwa kuti idzautsa mkangano, ndipo eni ngolo abwere okonzeka kunena mbali yao. Tidzapemphanso Gogo Chalo, kudzera mwa nyakwawa zathu, kuti mpikisano wa ngolo pa msewu uweruzidwe pa bwalo la mudzi monga mlandu wina uliwonse, ndipo tidzaitana alangizi a ziweto kuti atiuze za mankhwala a zilonda ndi a nkhupakupa, ndi kasungidwe ka mapesi ndi masangwe a mtedza odyetsa ng'ombe m'chilimwe.

Amai abwere ambiri, pakuti ndiwo amene adziwa bwino chimene chimachitika pa banja ng'ombe imodzi ikafa mwezi wa December. Eni ngolo abwere ndi anyamata ao oyendetsa, ndipo anyamatawo adzapatsidwa mpata wolankhula mabwana ao ali pomwepo. Amene ali ndi goli losema bwino, losalala ndi lokhala bwino pa khosi, alinyamule abwere nalo, pamodzi ndi mmisiri amene analisema.

Mlembi wa Nthambi